Mmene mungasungire malo a kabawi pakati pa akhwangwala

Kuyambira ku Chipoka, kudutsa Senga Bay mpaka ku Lifuwu, paliponse pamene pali thandala la usipa pali akhwangwala. Timawadyetsa tokha ndi matumbo a nsomba padoko ndi mikute ya kudzala. Koma m'mivumo ndi m'migwalangwa ya m'mbali mwa nyanja muli mbalame zina zimene ambiri sitizilabadira, akabawi ang'onoang'ono amitundu iwiri. Wina ndi wotuwa, wamutu woyererako, amene mabuku a mbalame amamutcha Dickinson's kestrel. Amadya ziwala, abuluzi ndi mbewa, ndipo amakonda kusaka pamene tchire likupsa. Winayo ndi wofiirira pamutu ndi kumbuyo kwa khosi, dzina lake red-necked falcon. Iyeyu amagwira timbalame tili mouluka, kuphatikizapo mpheta zimene zimavutitsa alimi a mpunga.

Akabawi awa sadziwa kumanga chisa. Wotuwayo amaikira mazira m'mphako ya mvumo wouma, wofiirayo amaikira patsinde pa makwata a mvumo kapena m'chisa chimene khwangwala anachisiya. Mivumo ikamatha chifukwa cha mitengo ya denga ndi uchema, malo oswera amachepa, ndipo pa ochepawo wopambana amakhala khwangwala, poti ndi wamkulu, ndi wochuluka, ndiponso amadya mazira a anzake.

Choyamba ndiye n'kusiya mvumo uli chilili, ngakhale wouma, malinga ngati suopseza nyumba. Chisa chakale cha khwangwala chimene chili pamenepo musachigwetse, chifukwa chaka chamawa chikhoza kukhala cha kabawi.

Ngati pamunda panu mivumo inatha, khomani bokosi. Njira imeneyi inathandizapo kwina. Pachilumba cha Mauritius, mu 1974 kunatsala akabawi akumeneko anayi okha odziwika m'tchire, ndipo mabokosi ndi ena mwa zinthu zimene zinawabwezeretsa mpaka kufika mazana. Ku Mongolia anaimika zisa zopanga 5,000 pofuna kuthandiza kabawi wamkulu wotchedwa saker, ndipo zina mwa zisazo munalowa akhwangwala akumeneko. Kotero mpikisanowu muuyembekezere, ndipo muukonzekere pa kapangidwe ka bokosilo.

Khwangwala amakonda malo apamtetete pamene angaunjike timitengo. M'malo otsekeka salowamo msanga. Paja akulu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Uzani kalipentala apange bokosi la matabwa okhuthala, pansi pake masentimita 30 mbali zonse, msinkhu wake masentimita 40, lotsekedwa konsekonse kupatula khomo limodzi la masentimita pafupifupi 12 chakumtunda kwa mbali yakutsogolo. Denga likhale lotsetsereka kwambiri ndi lotulukira kutsogolo, kuti khwangwala asapeze pomangira pamwamba kapena pokhala n'kumasuzumira mkati. Pachifukwa chomwecho musakhomere kamtengo kotera pakhomo. Denga lisakhale la malata, chifukwa dzuwa la ku Salima mu Okutobala lingaphe anapiye mkatimo. Boolani timabowo pansi totulutsa madzi, ndipo thiranimo mchenga wouma wa miyalamiyala kapena zopala za matabwa, zokwana zala zitatu kuya kwake, kuti mazira asamagubuduzike.

Bokosilo lipachikeni pamtengo kapena pamlongoti wotalika mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, m'mphepete mwa munda kapena dambo, kutali ndi dzala, msika ndi thandala la nsomba. Khomo lisayang'ane kumadzulo kumene dzuwa limaomba masana, kapena kumene kumachokera mwera. Patsinde kulungani lata losalala kuti amphaka ndi ang'anzi asakwere. Ntchito yonseyi ithe pofika mwezi wa Julayi, chifukwa mbalamezi zimaswa m'chilimwe, mvula isanayambe, nthawi yomweyo imene akhwangwala nawonso amamanga.

Mukatero, muziliyang'ana muli patali. Mukaona khwangwala akututira timitengo pabokosi, kwerani muchotse tsiku lomwelo asanaikire. Akalephera kangapo amasamuka. Ngati waikira kale, musiyeni aswe, mudzayeretse anapiye atauluka. Kabawi akalowa, kukwera kuleke, ndipo anyamata a malegeni muwauze bwino lomwe. Kabawi amafungatira mazira pafupifupi mwezi, ndipo ana amakhala m'chisa mwezi winanso ndi masiku ochepa. Kholo likathawa chifukwa cha phokoso la anthu, khwangwala amene wakhala akuonerera amatola dzira nthawi yomweyo. Bokosi likhoza kutha chaka kapena ziwiri lili lopanda mwini, musalichotse. Mwinanso mungalowe kadzidzi. Ndikudziwa zimene timanena za mbalame imeneyi kumudzi, koma ine ndikupemphani muisiye, chifukwa usiku uliwonse imachotsa makoswe amene akanalowa m'nkhokwe yanu.

Amayi ambiri afunsa za anapiye a nkhuku, ndipo funsolo ndi loyenera. Amene amakwatula anapiye pabwalo kawirikawiri ndi mphamba ndi khwangwala yemweyo. Komabe bokosi likhale kumunda, osati pafupi ndi khola, ndipo anapiye muziwavundikira ndi dengu kapena kuwasunga m'kakhola ka nsungwi mpaka atamera nthenga.

Mbali yaikulu ya ntchitoyi ili pa zimene timataya. Matumbo a nsomba akwiriridwe kapena aphikiridwe nkhumba, dzala lizifotseredwa ndi dothi, nsomba zapathandala zizikhala ndi ukonde wakale pamwamba. Chakudya chikachepa, akhwangwala amabalalika okha. Izi zimayenda bwino mabanja angapo akagwirizana, choncho nkhaniyi ifike kwa amfumu ndi kukomiti ya padoko.

Chimene ndikukaniza kotheratu ndi poizoni. Nyama yothira tameki simasankha woidya: amafa ndi agalu, nkhuku, nkhwazi, ndipo ana osewera pabwalo ali pangozi. Lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, lili ndi zilango zowawa kwa opha zamoyo zotetezedwa. Mukapeza mwana wa kabawi atagwa, mubwezereni m'bokosi kapena pamthunzi wa nthambi yapafupi, ndipo ngati wavulala dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.