Musanalonjeze tsiku la oda, werengani maola a makina anu

Amene amacheka ndi kupala matabwa a paini cha ku Chongoni, kuyambira ku Linthipe mpaka pa boma la Dedza, amalidziwa vuto ili. Sukulu zikayandikira kutsegulira mu September, oda za madesiki zimabwera nthawi imodzi, mwini shopu n'kuvomera zonse. Tsiku lokapereka katundu likakwana, theka la madesikiwo likadali matabwa osapala. Amisiri sikuti achita ulesi ayi. Palibe amene anawerengera kuti makina aliwonse angasenze ntchito yochuluka bwanji pa sabata. Kuwerengaku kungachitike pa pulogalamu monga Odoo ya ku Belgium kapena ERPNext ya ku India, yomwe ndi yaulere, ngakhalenso pa Excel. Njira yake ndi imodzi.

Yambani ndi kugawa shopu yanu malinga ndi malo amene thabwa limadutsa: pa macheka, pa shedi youmitsira, pa makina opalira, pa benchi yolumikizira, ndi popakira vanishi. Malo aliwonse alembedwe paokha. Odoo imawatcha Work Center, ERPNext imati Workstation. Musalembe dzina la munthu m'malo mwa makina, chifukwa mmisiri mmodzi amatha kugwira pawiri, koma makina opalira ndi amodzi basi.

Chachiwiri ndicho chimene ambiri amalakwitsa: maola. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata, ndipo n'kosavuta kungolemba 48 yemweyo pa makina aliwonse. Komatu makina sazungulira maola onsewo. Tengani kope, mulipachike pa msomali pafupi ndi makina opalira, ndipo kwa masabata awiri kapena atatu wogwirapo azilemba nthawi imene aima ndi chifukwa chake: kunola ndi kusintha mipeni, kuwola utuchi, lamba kuduka, magetsi kuzima, kudikira matabwa. Tiyerekeze kuti mwapeza maola 4 a kunola, 3 a kuyeretsa ndi 8 a magetsi pa sabata. Ndiye kuti maola enieni ndi 33. Nambala imeneyi ndi imene iyenera kukhala mu kompyuta. Mu ERPNext mumailowetsa pa maola ogwirira ntchito a Workstation iliyonse, ndipo mumaikanso mndandanda wa masiku a tchuthi, monga 6 July. Mu Odoo mulinso malo olemba nthawi yokonzekera makina ndi nthawi yowayeretsa mukamaliza. Maliro sakhala pa kalendala, koma aliyense wa kumudzi kuno akudziwa kuti amaimitsa ntchito, choncho siyani mpata pang'ono pa sabata iliyonse.

Chachitatu, yesani nthawi ya ntchito iliyonse ndi wotchi ya pa foni, osati ndi mutu. Kapitawo akanena kuti "desiki imodzi ndi mphindi khumi zokha", amakhala akukumbukira tsiku limene zonse zinayenda bwino. Yesani madesiki 10 otsatizana, mugawe nthawi yonseyo ndi 10. Lembani mphindizo pa gawo lililonse la ntchito, pamodzi ndi mndandanda wa zipangizo za desiki imodzi: matabwa, misomali, guluu, vanishi.

Tsopano lowetsani oda zonse zimene mwavomera, kuphatikizapo zija munangogwirizana pakamwa ndi mnzanu wa kutchalitchi, chifukwa nazonso zimadya maola. Pulogalamu imachulukitsa yokha. Madesiki 120, iliyonse mphindi 20 pa makina opalira, ndi maola 40. Inu muli ndi 33. Ntchito yaposa mphamvu ya makina ndi maola 7, ndipo simunaikepo mafelemu a zitseko amene munalonjeza sabata yatha. Mukanalemba 48, kompyuta ikanakuuzani kuti zonse zili bwino, inu n'kulonjeza zabodza mosadziwa.

Pali malo amodzi amene pulogalamu siingawamvetse pokhapokha muiphunzitse: shedi youmitsira matabwa. Kuno ku Dedza ndi kumtunda, mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu June ndi July kumazizira, m'mawa kumakhala nkhungu, ndipo kuyambira December mpaka March mvula siipereka mpata. Thabwa la paini limene limauma msanga mu October limachedwa kwambiri m'miyezi imeneyi. Mukalipala lisanaume, desiki imapindika kapena kung'aluka ili kale m'kalasi. Shedi siiyezedwa ndi maola a munthu. Imayezedwa ndi kuchuluka kwa matabwa amene angasanjikidwemo ndi timitengo pakati, ndiponso masiku amene akhalemo. Ilembeni ngati malo ogwirira ntchito paokha, muike chiwerengero cha milu imene ingalowe nthawi imodzi, ndipo mukhale ndi nthawi ziwiri zoumitsira: ya chilimwe ndi ya dzinja. Oumba mbiya ndi makapu, monga a ku Dedza Pottery, ali ndi nkhani yofanana: woumba angafulumire bwanji, katundu amadikira uvuni kuti utenthe ndi kuzizira.

Lolemba lililonse m'mawa, tsegulani lipoti loonetsa katundu wa ntchito pa malo aliwonse, muone pamene maola ofunika aposa maola amene alipo. Kawirikawiri amakhala malo amodzi okhaokha sabata ndi sabata. Pamenepo ndi pamene shopu yonse yatsamwa, ndipo kugula macheka ena pamene vuto lili pa kupala ndi kungounjika matabwa pakhomo. Chitani izi: makina amenewo asaime pa nthawi ya nkhomaliro, amisiri azisinthana; mipeni yonoledwa kale izikhala pafupi; ntchito zofuna makulidwe ofanana zipalidwe pamodzi kuti musamasinthesinthe makina; ngati muli ndi jenereta, mafuta ake apite pamenepo. Zikakanikabe, perekani gawo la ntchito kwa shopu ina, kapena imbirani kasitomala lero lomwe mum'patse tsiku lina. Mphunzitsi wamkulu amamvetsa akauzidwa kudakali masabata atatu, osati ana atakhala kale pansi.

Pomaliza, ntchito ikatha mmisiri azilemba nthawi imene yatengadi. ERPNext ili ndi Job Card ya zimenezi. Pomwe intaneti ikuvuta, kope lija likwanira, wina n'kumalowetsa madzulo. Kumapeto kwa mwezi yerekezani zimene munaganiza ndi zimene zinachitika, mukonze manambala. Ngati shopu yanu ili ndi makina osaposa asanu, musathamangire kulipira pulogalamu. Yambani ndi kope ndi Excel sabata ino, ndipo oda yotsatira musaivomere musanaone maola a makina opalira.