Telekani Mphika Waukulu

Sabata ino werengani 2 Mafumu 4:38-41 ndi 6:1-7.

Ana a aneneri anali ophunzira. Ku Giligala kunali njala, ndipo Elisa atawaona atakhala pamaso pake, anauza mnyamata wake kuti ateleke mphika waukulu. Mneneri wamoto uja anayamba ndi mimba zawo! Pa chaputala 6 akudandaula kuti malo okhala awachepera, ndipo nkhwangwa imene inagwera mu Yorodano inali yobwereka.

Si zomwezi kodi zimene ana athu a ku UNZA ndi ku CBU akukumana nazo? Malo ku hostel ndi ochepa, ena amagona awiri pa bedi imodzi, ena amalipira boarding house ku Kalingalinga. Wa loni ya HELSB akudziwa kuti ndi ngongole, adzabweza ndithu.

Timawasanjika manja akamapita, ameni, n'zabwino. Koma mukaimba foni musangofunsa za mayeso. Funsani kuti, "Wadya chiyani lero? Ukugona kuti?" Mwana amene walephera kosi nthawi zambiri amabisa, kuopa kukhumudwitsa makolo amene anagulitsa chimanga kuti apite. Akasiya kuyankha foni, osagona tulo, kapena akamati moyo wamutopetsa, musathamangire kunena kuti ndi chiwanda. Pempherani naye, kenako mumuperekeze kwa alangizi kapena ku kiliniki ya pasukulu. Elisa nayenso atamupempha, anapita nawo ku Yorodano.

Selo iliyonse isankhe wophunzira m'modzi. Mumuimbire lisanafike Lachisanu, ndipo ngati kuli kotheka mutumizireni kaunga ndi kapenta.