Phunziro la Mphete ya Citomero ndi Mwala wa Daimondi

Ana athu ambiri anacoka ku midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, nakakhala ku Lusaka, ena m'komboni ya George pafupi ndi Matero ndi Lilanda. Kumeneko wafala mwambo wakuti mnyamata potomera namwali ambveke mphete ya mwala wonyezimira. Kuyenera tsono kuti akulu ndi ankhoswe adziwe za mwala umenewu, pakuti mnyamata wosadziwa angathe kutaya malipiro a miyezi yambiri pa kabenthu ka galasi, kapena kulowa m'banja atasenza ngongole ya kaloba.

1. Kumene mwambowu unacokera

Makolo athu anali naco cikole, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndiwo anamanga mau. Abemba, anansi a ana athu ku George, ali nayo insalamu. Mphete ya daimondi inacokera ku Ulaya. M'caka ca 1477 Maximilian wa ku Austria anapatsa Mary wa ku Burgundy mphete yotere, koma zaka mazana anai zinapita iri ya mafumu ndi eni cuma okha. Miyala itapezeka yambiri ku Kimberley m'1871, Cecil Rhodes, yemwe dzina lace linali pa dziko lino kufikira 1964, anakhazikitsa kampani ya De Beers m'1888. M'1938 kampaniyo inalemba nchito olengeza malonda a ku America, kuti aphunzitse anthu kuti citomero copanda daimondi ncoperewera. Ciphunzitso cakuti mnyamata aonongerepo malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri cinaturuka m'malonda omwewo. Si lamulo la mpingo, kapena la boma, kapena la makolo.

2. Mwalawo nciani

Daimondi ndi malasha a pa mbaula ziri za mtundu umodzi. Koma daimondi anaumbika pansi peni peni pa nthaka, makilomita 150 kapena kuposa, m'kutentha ndi kupsinjika kwakukuru, naposa miyala yonse ya cilengedwe kuuma. Ngakhale atero, angathe kusweka. Womuyesa ndi nyundo aononga cuma cace.

Migodi yace iri ku Botswana, South Africa, Angola, Congo, ndi ku Mwadui m'Tanzania. Zambia ali nayo miyala yobiriwira ya emerald ku Lufwanyama, ya amethyst ku Mapatizya ndi ya aquamarine ku Lundazi, koma mgodi waukuru wa daimondi alibe. Munthu akakunong'onezani pa mseu kuti ali ndi daimondi m'kapepala, mpitirireni. Kuyambira 2003, mwa pangano la Kimberley Process, daimondi wosasemedwa sadutsa malire a maiko a m'panganolo wopanda kalata ya boma.

3. Zinthu zinai zoyesera mtengo wace

Coyamba ndi kulemera. Muyeso wace ndi karati, ndipo makarati asanu ndiwo galamu imodzi. Mwala wozungulira wa karati imodzi uli ngati mamilimita 6.5 m'mimba mwace, ndi wa theka la karati ngati mamilimita 5. Kusiyana kwace pa cala nkwakung'ono, koma mtengo wa waukuruwo uposa kutali wa ing'ono iwiri pamodzi, popeza miyala yaikuru isowa.

Caciwiri ndi maonekedwe. M'1953 bungwe la Gemological Institute of America linaika muyeso woyambira pa D, ndiye mwala woyera ngati madzi a pa kasupe, kufikira Z, wacikasu pang'ono. Maso a munthu wamba salekanitsa msanga D ndi G kapena H, koma thumba lace lizindikira.

Cacitatu ndi kuyera kwa m'kati. Pafupi miyala yonse iri ndi timadontho kapena timing'alu. Akatswiri amationa ndi galasi lokuza kakhumi. Cirema cimene diso lokha silicipenya cisakubvuteni, koma mng'alu wofika m'mphepete ufooketsa mwala.

Cacinai ndi kasemedwe, ndipo ici cokha ndico nchito ya manja a munthu. Mwala wozungulira wosemedwa bwino uli ndi timbali 57 kapena 58, tobweza kuunika ku diso. Wosemedwa moipa uoneka wakufa, ungakhale waukuru. Ndalama zikacepa, cepetsani kulemera, musacepetse kasemedwe.

4. Miyala yofanana naye

Mphete zambiri zotsika mtengo ziri ndi galasi, kapena cubic zirconia, kapena moissanite. Kugula zimenezi sikulakwa, ngati wogulitsa anena zoona ndi mtengo uli wace wa zomwezo. Aliponso daimondi wopangidwa ndi makina, amene kampani ya General Electric inampanga m'1954. Ameneyu ndi daimondi ndithu, ndipo masiku ano mtengo wace ucepa kwambiri poyerekeza ndi wa m'mgodi. Kukanda galasi la pa zenera si umboni, cifukwa miyala yina yambiri ikandanso. Umboni ndiwo kalata ya oyesa miyala, ndi lisiti la sitolo lonena mtundu wa mwala ndi kulemera kwace.

5. Mphete yeni yeni

Penyani m'kati mwa mphete. Nambala 375 itanthauza golidi wa makarati 9, 585 wa 14, 750 wa 18, ndi 925 siliva. Karati ya golidi inena za kuyengeka kwace, si kulemera ai. Kumbukiraninso manja a wobvalayo. Mkazi wotunga madzi, wocapa ndi wosonkha moto pa mbaula ayenera mwala waung'ono wokhala pansi, wozingidwa ndi golidi, pakuti woimirira pa timano ukodwa m'nsaru nutayika.

6. Cenjezo kwa mnyamata ndi ankhoswe ace

Mphete yogulidwa lero, mukaibweza mawa kuti muigulitse, kawiri kawiri simudzaona mtengo umene munalipira. Cotero isayesedwe nkhokwe ya tsiku la njala. Werengani poyamba za cimalo kapena malowolo, lendi ya nyumba, ndi za tsiku la ukwati. Zotsalazo ndizo za mphete. Ndipo mnyamata anene zoona kwa namwali. Wopatsa galasi nalichula daimondi waika bodza pa maziko a nyumba yace, ndipo tsiku lakuti lidziwike lidzafika. Mphete yasiliva yopatsidwa poyera pamaso pa ankhoswe iribe manyazi.

Mafunso

1. Ciphunzitso ca malipiro a miyezi iwiri cinacokera kwa yani?
2. Chulani zinthu zinai zoyesera daimondi. Ndi citi ciri nchito ya munthu?
3. Ankhoswe amlangize ciani mnyamata wofuna kutenga kaloba cifukwa ca mphete?