Phunziro 14: Kusankha Kamera Yojambulira Zipangizo Zophunzitsira

Zolinga

Pakutha pa phunziro ili, wophunzira uphunzitsi akhoze:
(a) kufotokoza kusiyana kwa kamera ya oyamba kumene ndi kamera ya ozolowera kujambula;
(b) kuchula nchito zimene mtundu uliwonse umayenera;
(c) kulemba uphungu womveka kwa mkulu wa sukulu pa za kugula kamera.

14.1 Mau oyamba

Mphunzitsi wa Cinyanja amafuna zithunzi kawiri-kawiri. Cithunzi ca mai alikusinja cimanga mumtondo cimamasula lilime la mwana koposa ziganizo khumi zolembedwa pabolodi. Lamya za m'manja zimajambula bwino dzuwa likawala, koma zambiri zimalephera cinthu cikakhala patali, cikamathamanga, kapena cikakhala mumdima. N'cifukwa cake masukulu ena amaganiza zogula kamera. Ndalama zotere zimasonkhedwa ndi makolo, ndipo zikaonongeka sizibweranso msanga. Tsiku lina mkulu wa sukulu adzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, tigule iti?" Muyenera kukhala ndi yankho lokhala ndi zifukwa.

Kuti nkhani ikhale yogwirika, tiyerekeza makamera awiri a kampani imodzi ya ku Japan. Yoyamba ndi Nikon D3500, imene inatuluka mu 2018, yopangidwira oyamba kumene. Yaciwiri ndi Nikon D7500, imene inatuluka mu 2017, yopangidwira anthu okonda kujambula amene anazolowera kale. Potuluka ku America, D3500 inagulitsidwa pafupi-fupi madola 500 pamodzi ndi lenzi yake, pamene D7500 inagulitsidwa pafupi-fupi madola 1,250 popanda lenzi. Funso lathu ndi ili: kodi madola 750 oonjezerawo amagula ciani?

14.2 Pamene makamera awiriwa afanana

Mkati mwa kamera muli kacipangizo kolandira kuwala kochedwa sensa. Ndiko kamene kamagwira nchito imene filimu inali kugwira kale. M'makamera onse awiri sensa ndi ya msinkhu umodzi, mamilimita pafupi-fupi 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi. Cithunzi cimapangidwa ndi timadontho tochedwa mapikiseli. D3500 ili ndi timadontho mamiliyoni 24.2, pamene D7500 ili ndi mamiliyoni 20.9. Taonani kuti kamera yochipa ndiyo ili ndi timadontho tambiri.

Komabe ciwerengero ici cisakusokonezeni. Kusindikiza bwino lomwe cithunzi codzaza pepala la A4 kumafuna timadontho tosafika mamiliyoni 9. Motero makamera onse awiri ali ndi zokwanira ndi zotsala. Mukajambula nkhokwe, ngolo ya ng'ombe, msika kapena munda wa fodya masana, ndi lenzi imodzimodzi, ndi anthu ocepa amene angadziwe kuti cithunzi ici cacokera m'kamera iti. Mfundo yoyamba yoti muigwire ndi imeneyi: pa cinthu coima pamalo owala, mtengo wa kamera suoneka pacithunzi.

14.3 Pamene makamera awiriwa asiyana

(i) Liwiro. Kamera imapenyetsetsa cinthu kupyolera m'malo ena a cithunzi kuti cioneke cakuthwa. D3500 ili ndi malo otere 11, D7500 ili ndi 51. Ndiponso D3500 imajambula zithunzi 5 pa sekondi, D7500 zithunzi 8. Kusiyana uku kumaoneka pamene ankhondo a Cingoni alikudumpha pa Nc'wala ku Mtenguleni, kapena pamene ana alikuthamanga pabwalo la masewera. Kamera ya malo 51 imatsatira munthu woyenda-yenda mosavuta.

(ii) Kulimba. Thupi la D7500 linatsekedwa m'mphepete mwake kuti fumbi ndi madontho a mvula zisalowe msanga. D3500 ilibe citetezo cimeneci. Kumbukirani kuti Nc'wala imacitika mu February, mvula ili pakati, pamene Kulamba kwa Acewa ku Mkaika kumacitika mu August, fumbi lili kobo. Koma dziwaninso kuti thupi lotsekedwa silithandiza kweni-kweni ngati lenzi yake ilibe citetezo cofanana.

(iii) Mau. Apa ndipo mphunzitsi wa cilankhulo ayenera kuchera khutu. D7500 ili ndi pobaya maikolofoni yapadera ndi pobaya zomvera za kumakutu. D3500 ilibe, imadalira kamaikolofoni kake ka mkati, kamene kamatola mphepo, nkhuku ndi phokoso la ana pamodzi ndi mau a wolankhula. Cinyanja ndi cilankhulo cimene kukwera ndi kutsika kwa mau kumasintha tanthauzo, monga pa "mtengo" wa m'thengo ndi "mtengo" wa malonda. Ngati colinga canu ndi kujambula kanema wa agogo alikusimba nthano, mau osamveka aononga nchito yonse.

(iv) Kagwiridwe. D7500 ili ndi timagudumu tiwiri ndi mabatani ambiri, kotero wozolowera amasintha zofunika diso lili pakamera. D3500 ili ndi kagudumu kamodzi, ndipo zambiri zimasinthidwa pakagalasi ka kumbuyo. Koma ili ndi malangizo olembedwa amene amatsogolera woyamba kumene pang'ono-pang'ono.

(v) Kulemera ndi batire. Apa kamera yochipa ipambana. D3500 imalemera magalamu 415 pamodzi ndi batire, D7500 magalamu 720. Malinga ndi mayeso a opanga makamera, batire la D3500 limajambula zithunzi 1,550 lisanathe, la D7500 zithunzi 950. Ku sukulu yopanda magetsi, kumene batire limachajidwa ku boma kamodzi pa mlungu, mfundo iyi si yaing'ono.

14.4 Lenzi iposa thupi

Ambiri amathera ndalama zonse pa thupi la kamera naiwala lenzi, pamene lenzi ndiyo khomo lolowera kuwala. Kukula kwa khomo limeneli kumalembedwa ndi cilembo f ndi nambala, ndipo nambala ikacepa, khomo lakula. Lenzi ya mamilimita 18 mpaka 55, imene imabwera ndi D3500, imatseguka kufika f/3.5 pa mamilimita 18 ndi f/5.6 pa mamilimita 55. Lenzi ya mamilimita 35 yotseguka kufika f/1.8, imene Nikon anatulutsa mu 2009 pa mtengo wa madola pafupi-fupi 200, imalowetsa kuwala koculuka kangapo poyerekeza ndi inzakeyo pa utali womwewo. M'kalasi la mazenera aang'ono, D3500 yokhala ndi lenzi imeneyi idzatulutsa cithunzi coyera koposa D7500 yokhala ndi lenzi wamba.

Tiwerengere tsopano. Pa mitengo ya potuluka ija, sukulu yogula D3500 ndi lenzi yaciwiri inaononga madola 700. Sukulu yogula thupi lokha la D7500 inaononga madola 1,250 isanajambule cithunzi ngakhale cimodzi. Zotsala za sukulu yoyamba zikanagula miyendo itatu yoimikapo kamera, cikwama, makhadi osungiramo zithunzi, ndi kacipangizo kapadera kojambulira mau, kamene kamathetsa vuto la maikolofoni lija.

Cenjezo limodzi: D3500 ilibe injini m'thupi mwake yozungulitsa malenzi akale a Nikon, kotero malenzi amenewo muyenera kuwapotokola ndi dzanja. D7500 ili nayo injiniyo. Wina akakupatsani lenzi yakale, iyeseni musanakondwere.

14.5 Kamera ya m'kabati

Ndinaona sukulu ina imene inagula kamera yodula kwambiri. Popeza inali yodula, mkulu wa sukulu anaitsekera m'kabati, makiyi nayenda nawo m'thumba. Aphunzitsi anaopa kuibwereka, poganiza kuti ikagwa adzalipira ndi malipiro a miyezi ingapo. Caka cinatha, ndipo zithunzi zimene zinajambulidwa zinali za tsiku lopereka mphoto zokha. Ana anapitiriza kuphunzira za mphasa, lichero ndi nsengwa popanda kuona cithunzi. Akulu anati cikome-kome ca nkuyu, mkati muli nyerere. Kamera imene aphunzitsi ndi ana saopa kuigwira ndiyo imabala zipatso.

14.6 Mafunso anai musanagule

1. Kodi zimene tidzajambula kawiri-kawiri ndi zoima kapena zothamanga?
2. Kodi tidzajambulira pansi pa denga, kapena pafumbi ndi pamvula?
3. Kodi tifuna zithunzi zokha, kapena kanema wa mau omveka?
4. Kodi adzaigwira ndani: munthu mmodzi wozolowera, kapena aphunzitsi ambiri osinthana?

Ngati mayankho ali zoima, pansi pa denga, zithunzi zokha, ndi anthu ambiri, gulani kamera ya oyamba kumene, ndipo zotsala muike pa lenzi. Ngati mwa mayankho anu atatu apendekera ku mbali inayo, ndipo pali mphunzitsi wodzipereka kuiphunzira, kamera ya ozolowera idzabweza mtengo wake.

Kuyambira mu 2018 Nikon anatembenukira ku makamera opanda kalilole mkati, ndipo D3500 inalekedwa kupangidwa. Motero mwina mudzaipeza yogwiritsidwapo kale nchito. Funsani kuti yajambulapo zithunzi zingati, cifukwa citseko ca mkati cimatha: ca D3500 cinayesedwa kufika maulendo 100,000, ca D7500 maulendo 150,000. Maina a makamera adzasintha, koma mafunso anai aja adzagwirabe nchito. Pomaliza, kamera iliyonse imene mwagula, pemphani cilolezo musanajambule munthu, maka-maka ana ndi Gule Wamkulu, amene ali ndi eni ake ndi malamulo ake.

Zocita

1. Lembani zithunzi khumi zimene mungafune pophunzitsa cimangirizo mu Giredi 8. Pa ciliconse, nenani ngati cifuna kamera ya liwiro kapena ai.
2. M'magulu a anthu anai, funsani mitengo ya makamera awiri a kampani ina, monga Canon kapena Sony, ndipo muwayerekeze potsata mitu isanu ya m'ndime 14.3.
3. Lembani kalata ya mau 200 kwa mkulu wa sukulu, yopereka uphungu wanu ndi zifukwa zitatu.
4. Kambiranani: ndi nthawi iti pamene lamya ya m'manja ikwanira, kotero kuti kugula kamera kungakhale kutaya ndalama za makolo?