MWANA WATHANZI AYENERANSO KUPITA KU SIKELO

M'phunziro la lero tikambirane za udindo wina wa makolo umene ambiri a ife timaupeputsa. Mwana akadwala, palibe mai amene amadikira kuuzidwa kuti athamangire kuchipatala. Koma mwana akamayamwa bwino ndi kumaseka, pamenepo ulesi umalowa, ndipo timamva mau akuti: "Ndikatayirenji tsiku pa mzere, mwana ali bwinobwino?" Sitikana, mzere wa pa chipatala cha Kawale kapena cha Area 25 umatalika, ndipo mai wogulitsa tomato ku Chinsapo akapita ku Likuni ataya malonda a m'mawa wonse. Komabe sikelo anaikhazikitsira mwana wathanzi, kuti thanzi lakelo lisamthawe mobisika.

Kodi kumachitika chiani kumeneko? Poyamba amamuyeza mwana kulemera kwake, ndipo mlangizi wa zaumoyo amalemba kadontho m'kabuku kake ka kuchipatala. Kadontho kamodzi sikanena zambiri. Koma timadontho ta mwezi ndi mwezi tikalumikizana timasanduka njira, ndipo njirayo iyenera kukwera. Ikaima kapena kutsika, ndiye kuti chilipo chimene chikumdya mwanayo, chingakhale mai sanaone kanthu. Pakuti munthu wokhala ndi mwana usana ndi usiku sazindikira msanga kuonda kwake.

Komweko amalandiranso katemera. Atangobadwa amampatsa wa chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Akakwana masabata 6, 10 ndi 14 abwerere kukalandira jakisoni woteteza matenda asanu pamodzi, mwa iwo chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata. Pa maulendo omwewo amalandiranso madontho ena a poliyo, katemera wa chibayo amene anayamba m'dziko muno mu 2011, ndi wa kutsegula m'mimba amene anayamba mu 2012. Wa chikuku amadza pa miyezi 9, nabwerezedwa pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu ndiye amene amai ambiri amamuiwala, poona kuti mwana wayamba kale kuyenda. Wina asanene kuti matendawa anatha. Mu February 2022 Boma linalengeza kuti mwana wina wa muno mu Lilongwe wapezeka ndi poliyo, nthenda imene sinaonekenso m'Malawi chiyambire 1992.

Tsono tinene za matenda a masiku onse. Limodzi mwa ofala kwambiri ndilo kutsegula m'mimba, makamaka nyengo ya dzinja, pamene madzi a mvula amakokolola zonyansa ndi kuzithira m'zitsime zosasamalika za ku Mgona ndi madera ena othithikana. Chimene chimapha mwana pa nthendayi ndicho kutha kwa madzi m'thupi. Pano tilankhule mosabisa za liwombo. Liwombo likalowa m'kati, agogo ena amafulumira kumata mankhwala pamutu, ena nayamba kufunsana za tsempho ndi kuloza chala bambo wa mwana. M'menemo dzuwa likupita ndipo mwana akuumirabe. Liwombo lolowa, maso olowa, ndi thewera losanyowa kwa nthawi yaitali, zonsezi zikunena chinthu chimodzi: mwana afuna madzi. Muyamwitseni pafupipafupi, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo, mumwetseni pang'onopang'ono ndi supuni, ndipo nyamukani kukaonana ndi adokotala, amene adzampatsanso mapiritsi a zinki.

Chimfine chokha sichioopsa. Koma mwana wotsokomola mumvule malaya, muone m'mene akupumira ali chete. Wosakwana miyezi iwiri akamapuma kokwana 60 pa mphindi imodzi, kapena wa miyezi iwiri kufikira chaka akamapuma kokwana 50, kapenanso nganga ikamalowa m'kati pokoka mpweya, chimenecho chingakhale chibayo, ndipo sichidikira kuti kuche. Kutentha thupi nakonso musakuyese malungo musanayezetse magazi, nimumpatsa mankhwala otsala a mkulu wake. Mwana akakana bere, akamasanza chilichonse, akamakomoka, kapena akalefuka osadzuka ngakhale mumgwedeze, tsiku la sikelo musalidikire iai. Kwa a mu mzinda uno Bwaila ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu sizili kutali.

Chatsala ndi chinthu chimene sikelo singayeze, koma mai ndi bambo okha. Mwana amayamba kulankhula nafe asanadziwe liu ndi limodzi lomwe. Wobadwa kumene amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, natonthola akamva mau a amake. Pofika miyezi iwiri amamwetulira munthu womuyang'ana. Pa miyezi 4 mpaka 6 amaseka mokweza ndi kutembenukira kumene kukuchokera mau; kenaka adza ndi "bababa" ndi "mamama" wake uja, amene bambo amakondwa naye poyesa kuti akuitanidwa. Pa miyezi 9 amacheuka mukamtchula dzina, ndipo chaka chikamakwana amabaibitsa, amaloza chimene afuna, ena nayamba kutchula liu loyamba. Ana sayendera limodzi pa zimenezi, ndipo kuchedwa kwa masabata ochepa kusakudetseni nkhawa. Koma mwana wa miyezi 9 wosacheukira mau, kapena amene anali wolongolola nakhala duu, mukamnene ku sikelo, makamaka ngati anadwalapo kwambiri kapena khutu lake limatuluka mafinya. Mafinya a m'khutu akalekereredwa amagonthetsa mwana, ndipo wosamva bwino amachedwa kulankhula.

Kumbukirani kuti m'mwambo wa Ubatizo wa ana muli pamene wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa mwana, napempha Ambuye kuti awatsegule kuti mwanayo adzamve mau a Mulungu ndi kuvomereza chikhulupiriro chake. Makutu omwewo ndi pakamwa pomwepo Mulungu wazisiya m'manja mwa makolo. Lankhulani naye mwana pomsambitsa ndi pomyamwitsa, muyankheni akamalongolola, mumuimbire nyimbo za ku Misa. Foni yoikidwa pamaso pake simuyankha.

Inu akatekisti, makolo akadza kudzalembetsa Ubatizo, afunseni mwaulemu ngati mwana akupita ku sikelo, osati ngati lamulo lomanira mwana sakramenti, koma monga afunsira mbale. Nkhaniyi muikambenso m'miphakati, abambo ali pomwepo, pakuti kabuku kaja ambiri a iwo sanakatsegulepo. Pa tsamba la sikelo amalembapo tsiku lobwererako. Bambo aliwerenge, ndipo ngati mai watanganidwa tsikulo, anyamule mwana ndiye.