MTENGO WA GITALA YA MAGETSI

Anzanga ambiri pa sukulu pano akhala akundifunsa za gitala yokalikakalika ija imene Bungwe lathu la Zoimbaimba limaimba pa masiku a chisangalalo. Ena amati tinaigula ku Blantyre ndi ndarama zambiri, ena amati Aphunzitsi a Sayansi anaisema okha usiku. Zonsezi si zoona ai. Chotero ndapempha Akonzi a magazini yathu kuti andipatseko malo ndifotokoze mbiri yake ndi zimene ndinaphunzira pa iyo, kuti wina wa ife akadzafuna kugula gitala asadzataye ndarama zake pachabe monga ine ndinatsala pang'ono kutaya za anzanga.

Gitalayi tinaipeza m'chaka cha 2024 m'chipinda chosungira makasu, itafunda fumbi. Inali ndi nsambo zitatu zokha, zonse zadzimbiri. Titailumikiza ku ampulifaya ya sukulu inayamba kung'ung'udza ngati njuchi ziri m'mphako, ndipo munthu akaichuna bwino kumutu, mau ake anali kusokonekera akatsitsa zala kumunsi. Bungwe lathu linali ndi K45,000 zimene tinapeza pogulitsa matimati a m'dimba la sukulu, ndipo msungichuma ndinali ine. Panali patatsala masabata 6 kuti tiimbe pa phwando lotsazikana ndi a Fomu 4.

Pa msonkhano wathu ambiri anagwirizana kuti tigule penti wofiira wa galimoto, tiipake iwale, kenaka tilembe dzina lakuti Fender kumutu kwake. Kunena zoona, amene anayambitsa maganizo amenewa ndine. Koma Aphunzitsi a Sayansi anati, "Safunsa anadya phula. Musanatsegule chikwama, pitani nayo ku Balaka mukafunse odziwa."

Ulendo wa ku Balaka

Loweruka m'mawa ine ndi mnzanga tinakulunga gitala m'chitenje, ndi kukwera minibasi. Tinatsika mapiri a Machinga, tinaoloka Shire pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali pa Balaka. Mwina a Fomu 1 sadziwa chifukwa chake Aphunzitsi anatituma kumeneko. Balaka inali mbali ya boma lathu la Machinga kufikira 1998, ndipo ndi mudzi wa oimba. Kumeneko, pa parishi ya Akatolika, kunayamba Alleluya Band mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a ku Italy. M'gulu limenelo munaimba Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anamwalira mu June 2024. Malo amene magitala alira zaka zoposa 40 sangasowe munthu wodziwa kuwachiza.

Tinalondoleredwa kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi kuseri kwa msika. Ndinawafotokozera za penti wofiira monyadira. Iwo sanayankhe msanga. Anaika thupi la gitala pansi, natsinzina diso limodzi, nayang'ana m'khosi mwake monga mmisiri ayang'anira thabwa. Kenaka anati, "Mwanawe, kodi munthu akadwala malungo, mumamgulira malaya atsopano?"

"Iai, bambo," ndinayankha mwamanyazi.

"Tsono khalani pansi. Muyambe mwadziwa kumene mau amachokera."

Kumene mau amachokera

Tonse tinapangapo banjo ya chigubu tiri ana. Pa banjo yotere chigubu ndicho chimakuza mau. Gitala ya magetsi siri chomwecho, pakuti thupi lake ndi thabwa logwirira, lopanda mphako yokuzira mau. Nchito yonse imagwiridwa ndi kabokosi kamene kali pansi pa nsambo, kamene oimba amakatcha pikapu, ngakhale sikanyamula matumba a chimanga. M'kati mwake muli timaginito 6, kamodzi pansi pa nsambo iriyonse, ndipo tonseto takulungidwa ndi waya wa kopa wochepa ngati tsitsi, wozungulira pafupifupi ka 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mphamvu ya maginitoyo imagwedezeka, ndipo m'waya muja mumabadwa magetsi ochepa amene amabvina mofanana ndi nsamboyo. Ampulifaya imawakuza, sipika ndi kuwasandutsa mau.

Ndinadzidzimuka pozindikira kuti zimenezi tinaphunzira kale m'kalasi. Ndi zija anatulukira Michael Faraday ku England mu 1831, zimene ine ndinangoloweza chifukwa cha mayeso. Apa mpamene ndinamvetsanso chifukwa chake ulusi wa nayiloni wa asodzi a ku Chilwa sungalire pa gitala ya magetsi, pamene waya wa buleki ya njinga angathe kulira: maginito amamva chitsulo chokha.

Malo a pikapu nawonso amasintha mau. Yokhala pafupi ndi mlatho, kumene nsambo zimathera, imatulutsa mau oonda ndi akuthwa. Yokhala pafupi ndi khosi imatulutsa mau onenepa ndi ofatsa. Ndicho chifukwa chake magitala ambiri ali ndi mapikapu awiri kapena atatu, ndi kaswitchi kosankhira.

Nanga njuchi zija? Bambo aja anati waya wa pikapu amatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, amene m'dziko lino amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Mmisiri wina wa kampani ya Gibson, Seth Lover, anapeza mankhwala ake mwa kuika mikulungo iwiri ya waya yotsutsana kuti phokoso la wina liphe la mnzake, ndipo pikapu yotere inayamba kuoneka pa magitala a Gibson mu 1957. Koma bvuto la yathu linali laling'ono. Kawaya kamene kamachokera ku mlatho kupita ku nthambo ya pansi kanali kataduka.

Masamu a m'khosi

Atatha izi anatulutsa tepi yoyezera. Kuchokera pa kapfupa ka kumutu kufika pa mlatho anapeza mamilimita 648, ndiwo muyeso wa magitala ambiri a mtundu wa Fender. Timizere tachitsulo ta pakhosi, totchedwa mafureti, sitiikidwa mwa chiyerekezo. Ukagawa 648 ndi 17.817 upeza 36.4, ndipo pamenepo mpamene pakhala fureti yoyamba. Uchotse 36.4 pa 648, chotsalacho ugawenso ndi 17.817, ndipo upeza mtunda wa ku fureti yachiwiri. Ukapitiriza chomwecho udzaona kuti fureti ya 12 igwera pakati penipeni, pa mamilimita 324, pamene nsambo imalira liu lomwe lija koma lokwera.

Pa gitala yathu wina anali atapotokola timasikuluwu ta pa mlatho, mwina poyesa kuti n'tokongoletsa, chotero nsambo zina zinatalika, zina zinafupika. Khosi nalonso linali litapindika ngati uta chifukwa cha kukoka kwa nsambo ndi chinyezi cha m'chipinda cha makasu. Sindinali kudziwa kuti m'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo yoliongolera. Bambo aja anaipotokola pang'ono pokha, gawo limodzi la magawo anai, nati, "Imeneyi saikakamiza. Ukaithyola, gitala yasanduka nkhuni."

Chimene munthu amalipira

Pamene anali kuwotcherera kawaya kaja ndinawafunsa chifukwa chake magitala awiri ofanana maonekedwe amasiyana mtengo kutalitali. Zimene anandiuza, pamodzi ndi zimene ndawerenga pambuyo pake, ndazisonkhanitsa m'magawo anai.

Choyamba ndi zipangizo: thabwa louma bwino, mapikapu, makiyi ochunira amene sabwerera okha, ndi mlatho. Magitala ambiri a Gibson amapangidwa ndi mtengo wa ku America umene uli pa chibale ndi mbawa yathu, ndipo mbawa ya kuno ku Africa nayonso amisiri a maiko ena amapangira magitala. Komabe thabwa silifunika kukhala lodabwitsa. Cha m'ma 1940 woimba wina wa ku America, Les Paul, anamanga khosi ndi mapikapu pa chipika wamba cha paini, ndipo chinaimba.

Chachiwiri ndi manja a mmisiri. Kusalaza mafureti kuti onse alingane ndi kusema kapfupa ka kumutu zimadya nthawi, ndipo pa magitala otsika mtengo mpamene opanga amathamangapo. Leo Fender, amene anali wokonza mawailesi ku Fullerton m'chigawo cha California, monga bambo a ku Balaka aja, ndiponso sanali woimba gitala, anachepetsa nchito mwa nzeru. Gitala yake ya 1950, imene inadzatchedwa Telecaster mu 1951, inali thabwa lathyathyathya ndi khosi lomangidwa ndi masikuluwu anai okha, kuti likaonongeka munthu angomasula ndi kuikapo lina.

Chachitatu ndi ulendo. Magitala a magetsi amene timaona m'masitolo amachokera kunja, ndipo amagulidwa ndi ndarama zakunja. Pamwamba pake pali mtengo wa sitima ya pamadzi, wa galimoto, msonkho wa pachipata ndi phindu la wogulitsa. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, gitala imene inali pakhoma la sitolo sinasinthe liu, koma mtengo wa yotsatira yake unakwera.

Chachinai ndi dzina, ndipo limeneli ndilo lolemera koposa ngakhale silimveka m'sipika. Stratocaster yoyamba inagulitsidwa madola 249.50 mu 1954. Mu 2019 Stratocaster yakuda ya David Gilmour wa gulu la Pink Floyd inagulidwa ku New York pa madola pafupifupi 4 miliyoni, chifukwa cha manja amene anaigwira. A Fender omwewo anayamba mu 1982 kugulitsa magitala otsikirapo mtengo a maonekedwe omwewo pa dzina lakuti Squier. Chimene chinandiseketsa n'chakuti kuli anthu amene amalipira ndarama zoonjezera kuti gitala yatsopano ikalidwekalidwe dala ku fakitale, ioneke yakale. Yathu inali ndi zipsera zenizeni, zaulere, ndipo ine ndinafuna kulipira kuti ndizibise!

Za dzina lija tinafuna kulemba kumutu, bambo aja ananena mau amene sindidzaiwala: "Ukalemba dzina la mwini pa chinthu chimene sanapange, wanamiza amene adzagule mawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Kusintha gitala kuti ikuyenere

Sindikunena kuti kusintha gitala n'kulakwa. Oimba ambiri amatero. Gitala ya Gilmour ija anaisintha khosi ndi mapikapu kangapo. Brian May wa gulu la Queen anayamba mu 1963, ali mnyamata wa sukulu ngati ife, kupanga yake pamodzi ndi bambo wake, ndipo khosi lake analisema ku thabwa lakale la pa malo oothera moto m'nyumba. Chofunika ndi kudziwa choyambira. Yamba ndi khosi, pakuti likakhala lopindika palibe china chingathandize. Kenaka nsambo zatsopano ndi kulinganiza mlatho. Kenaka mawaya ndi maswitchi. Pikapu isinthidwe pokhapokha yakale itafa, kapena utadziwa bwino liu limene ukulifuna. Penti ndiye wotsiriza, ngati ndarama zatsala.

Chenjezo limodzi kwa anzanga okonda kumasula zinthu: m'kati mwa gitala mulibe magetsi oopsya, koma m'kati mwa ampulifaya muli zipangizo zimene zimasunga magetsi ngakhale mutaizimitsa. Imeneyo isiyireni amisiri.

Ndarama zathu zinathera pa nsambo 6 zatsopano, nthambo yolumikizira, ulendo, ndi kangachepe kothokoza bambo aja. Titabwerera ku sukulu Aphunzitsi anatithandiza kumata pepala lonyezimira la aluminiyamu m'mphako mokhala mawaya, nalilumikiza ku nthambo ya pansi, ndipo njuchi zotsala zinachepa ndithu. Anzanga ena anakhumudwa poona gitala yabwera yosawala, ndipo masiku angapo anali kunditcha msungichuma woumira. Sindinawayankhe kanthu, pakuti inenso mtima unali m'mwamba kufikira tsiku la phwando. Tsikulo mnzathu wa Fomu 2 anaimba nyimbo zisanu, zala zake zikuyenda kuchokera kumutu kufika kumunsi kwa khosi, ndipo palibe liu limene linasokera. A Fomu 4 anabvina mpaka Ahedi analiza belu kachiwiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za penti.

Tsono anzanga, mukadzafuna kugula gitala, yatsopano kapena yogwirapo kale nchito, musathamangire kuwerenga dzina la kumutu. Yang'anani m'khosi ndi diso limodzi. Lizani nsambo iriyonse pa fureti iriyonse, mumve ngati pali pamene ikukhuza chitsulo. Yesani liu la pa fureti ya 12. Ilumikizeni ku ampulifaya, mugwedeze nthambo ndi maswitchi onse. Mukatero mudzadziwa chimene mukulipira.

Kwa okonda masamu ndasiya kanchito aka: pezani mtunda wa pakati pa fureti yoyamba ndi yachiwiri pa gitala ya mamilimita 648. Amene apeze yankho abwere ku Bungwe la Zoimbaimba Lachitatu masana ndi rula yake, adzayeze yekha pa gitala yathu, aone ngati masamu amanama.

Msungichuma wa Bungwe la Zoimbaimba