Oyilo wakuda uja tizipita naye kuti?

Woulutsa: Sabata ino makalata ndi mauthenga a pafoni achita kudzaza tebulo, ndipo ambiri akukamba za oyilo wakuda bii uja timakhetsa m'galimoto, m'njinga zamoto ndi m'zigayo. Muno tili ndi mayi athu amene agwira ntchito yoona za zinyalala za m'mafakitale kwa nthawi yaitali. Mayi, takulandirani.

Katswiri: Zikomo achimwene. Tiyeni tiyambepo, nthawi ingatithere m'malonje.

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina, makaniko wa ku Ndirande. Akuti: "Galaja yanga ndi ya pansi pa mtengo. Ndimakhetsa oyilo m'maminibasi ndi m'njinga za kabaza tsiku ndi tsiku. Wina amatenga anthu opempha, wotsalayo ndimadikira mvula n'kumuthira m'ngalande kuti apite. Mwana wanga wa ku sekondale akuti ndikulakwa. Nanga ndizimuika kuti?"

Katswiri: Bambo, mwanayo mumugulire chakumwa, wanena zoona. Ngalande yanuyo imatsikira mu mtsinje wa Nasolo, Nasolo amakathira mu Mudi, ndipo madzi a Mudi amakathera mu Shire. M'njira monsemo muli amayi ochapa, ana osambira, ndi madimba a mpiru umene mawa mukagule pamsika. Oyilo sasungunuka m'madzi. Amayandama n'kuyala pamwamba kachikopa konyezimira mitundumitundu kaja, kamene kamatsekereza mpweya wa nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi. Lita imodzi ikhoza kuwononga madzi akumwa okwana malita 1 miliyoni. Minibasi imodzi mumakhetsamo malita angati? Werengani nokha.

Kuda kwakeko n'chifukwa cha zimene watola mu injini: mwaye wa mafuta opsa, ndi tizitsulo tomwe timaperesedwa injini ikamayenda. Muli zinc, chromium, cadmium ndi mtovu. Mtovuwo unachepako kuchokera mu 2006 pamene mayiko a kuno anasiya kugulitsa petulo wothira mtovu, koma zinazo zilimobe, ndipo mu mwaye uja muli mankhwala oyambitsa khansa ya pakhungu. Amakaniko ambiri amaika chisanza cha oyilo m'thumba la ovololo, n'kumayenda nacho tsiku lonse chitakhudza ntchafu. Ena posamba m'manja amatunga petulo. Zonsezo musiye. Petulo amachotsa mafuta oteteza khungu, khungu n'kuchita ming'alu, zoipazo n'kulowa bwino. Sopo ndi madzi n'zokwanira.

Tsono pezani mgolo wa malita 200 wosadontha, wokhala ndi chotsekera. Muuike pamthunzi posanyowa ndi mvula, pa simenti ngati ilipo, ndipo mulembepo ndi penti kuti anyamata asasokoneze. Mmenemo muzilowa oyilo yekha basi. Mafuta a mabuleki ayi, madzi a mu rediyeta ayi, petulo kapena palafini amene mwatsukira zitsulo ayi. Pamenepa ndipo ambiri amaphonya. Oyilo wosasakaniza ali ndi omugula, koma wosakanizidwa palibe amamufuna, ndipo mgolo wokhala ndi petulo m'kati ukhoza kuphulika wina akamawotcherera chitsulo pafupi. Fyuluta yakale muiboole ikadali yotentha, muizondotse pa chitini usiku wonse, mudzadabwa oyilo amene imasunga. Akatayikira pansi musathirepo madzi. Wazanipo utuchi kapena mchenga, musese, musunge padera.

Woulutsa: Nanga mgolowo ukadzaza, mayi? Poti bambowa sangakhale ndi migolo khumi pansi pa mtengo.

Katswiri: Oyilo amene mwakhetsayo sanafe, wangoda ngati malaya, ndipo amachapika. Mafakitale oyeretsa amamutenthetsa kuti madzi ndi mafuta opepuka zichoke, n'kumutcheza mpaka oyilo weniweni alekane ndi phala lakuda la pansi. Bungwe loteteza chilengedwe la EPA la ku America limati malita pafupifupi 4 a oyilo wakutha amatulutsa malita 2 ndi theka a oyilo wabwino, pamene kuti mupeze womwewo kuchokera ku mafuta okumba pansi pamafunika mgolo wa malita 159. Ku South Africa makampani opanga oyilo anakhazikitsa ROSE Foundation mu 1994 kuti izilimbikitsa kutolera oyilo wakutha m'magalaja. Ine ndimaona kuti njira ndi imeneyo: amene wagulitsa oyilo watsopano aziyankhanso za wakale. Oyilo wina wakutha amakawotchedwa m'ng'anjo za simenti zimene zimatentha kufika madigiri 1,450. Moto wa pa uvuni wa njerwa kapena wa kudzala sufika pamenepo, umangomwaza zitsulo zija mu utsi.

Ndiye funsani kumene mumagula oyilo wanu ngati amalandira wakale, funsaninso a zachilengedwe ku khonsolo kapena bungwe loteteza chilengedwe la MEPA kuti otolera ovomerezeka ndi ati. Wobwera kudzagula akuonetseni chiphaso chake. Ndikutero chifukwa alipo akathyali amene amangomusefa pa nsalu, n'kumuthira m'mabotolo otoledwa, n'kukagulitsa ngati watsopano. Amene amapwetekeka ndi mnyamata wa kabaza, injini ikagwira asanamalize ngongole ya njinga. Choncho botolo la oyilo likatha muziliboola pansi musanalitaye.

Woulutsa: Yachiwiri yachokera kwa mayi wina wa mu komiti ya sukulu ku Kasungu. "Sukulu yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi. Mwezi wa Okutobala ana amangotsokomola. Munthu wina wakufuna kwabwino wati atipatsa migolo itatu ya oyilo wakutha ulere kuti tiwaze pamsewu ndi pabwalo, fumbi ligone. Tilandire?"

Katswiri: Mayi, muwathokoze mwaulemu, koma musalandire. Fumbi ligonadi, sindikana. Imvani zimene zinachitika ku America. M'chigawo cha Missouri munali bambo wina, Russell Bliss, amene ankatolera oyilo wakutha n'kumawaza m'misewu ndi m'mabwalo a mahatchi pofuna kuletsa fumbi. Nthawi ina anapatsidwa ntchito yochotsa zotsalira za pa fakitale ya mankhwala ya m'tauni ya Verona, iye n'kuzisakaniza ndi oyilo wake uja. M'zotsaliramo munali poizoni wotchedwa dioxin. Mu 1971 anawaza pa bwalo lina la mahatchi. Pasanapite masiku ambiri mbalame zinayamba kugwa kuchokera kudenga zitafa, kenako mahatchi ambirimbiri anafa, mwana wa mwini malo n'kudwala kwambiri. Panatenga zaka kuti chifukwa chake chidziwike, ndipo m'kati mwa zaka zimenezo tauni ya Times Beach inamulemba ganyu yowaza misewu yake yadothi, kuyambira 1972 mpaka 1976. Ana ankasewera m'misewu momwemo.

Mu Disembala 1982 akatswiri atayeza dothi anapeza poizoni wochuluka, ndipo mwezi womwewo mtsinje wa Meramec unasefukira m'tauni monse. Mu 1983 boma linalengeza kuti ligula tauni yonseyo pa ndalama zokwana madola 33 miliyoni. Pofika 1985 anthu oposa 2,000 anali atasamuka. Nyumba zinagwetsedwa, dothi n'kuliwotcha m'ng'anjo yapadera mu 1996 ndi 1997. Lero pamalopo ndi paki.

Sindikunena kuti migolo itatu yanuyo muli dioxin. Ndikunena kuti oyilo wakuda amabisa chilichonse chimene chathiridwamo, ndipo ndi maso simungaone. Ngakhale atakhala oyilo wa injini yekha, mvula yoyamba idzamukokolera kudambo ndi kumjigo wa sukuluyo, ndipo chilimwe chamawa ana adzapuma fumbi lomwe lija, koma tsopano lokhala ndi zitsulo. Wazani madzi pabwalo m'mamawa, bzalani kapinga ndi mpanda wa mitengo kumbali ya msewu, ndipo pemphani khonsolo ikuikireni zitumbira kuti galimoto zisamathamange. Fumbi lambiri limabwera ndi liwiro.

Woulutsa: Awa ndi mafunso afupiafupi a pafoni, ndiwerenga pamodzi. Wina wa ku Mchinji amathira oyilo m'chimbudzi kuti fungo ndi ntchentche zithe. Wa ku Mzimba amapaka mitengo ya denga kuopa chiswe. Wa ku Nsanje amapaka ng'ombe pa nkhupakupa ndi pa zilonda.

Katswiri: Wa chimbudzi asiye lero. Oyilo amapha tizilombo timene timaoletsa zam'dzenje, dzenje n'kudzaza msanga, ndipo amalowerera pansi kukapeza madzi a chitsime. Kuwiritsa kapena kuthira kolorini sikuchotsa oyilo m'madzi. Phulusa, chivundikiro pabowo, ndi paipi yotulutsa mpweya zimagwira bwino kuposa pamenepo.

Wa ng'ombe asiyenso. Ng'ombe imadzinyambita, mwana wake amayamwa, mkaka mumamwa ndinu. Pitani kwa alangizi a ziweto, mankhwala a dibi alipo.

Wa chiswe ndimumvetsa, chifukwa chiswe chimadanadi ndi fungolo kwa kanthawi. Koma mtengo wonyowa ndi oyilo pansi pa malata otentha, pamwamba pa ana ogona, umatulutsa fungo loipa ndipo moto ukabuka suzimitsika. Ngati n'kotheka gulani mankhwala enieni otetezera matabwa, ndipo nsanamira isakhudze dothi, ikhale pa mwala kapena pa simenti.

Woulutsa: Mnyamata wina wa ku Mzuzu akufunsa: "Timamva kuti ena okazinga tchipisi amathira mafuta a mu thiransifoma kuti mafuta asamathe msanga. Kodi ali ndi vuto?"

Katswiri: Mphekesera imeneyi imamveka kuno ndi m'mayiko oyandikana nafe, ndipo ndisanamizire onse a chiwaya, ambiri amagula mafuta awo m'sitolo. Koma vuto lilipo lalikulu. Mafuta a mu thiransifoma si a mbewu, ndi ochokera ku mafuta okumba pansi, thupi siligaya. Kuwonjezera apo, mathiransifoma akale ambiri padziko lonse ankathiridwa mankhwala otchedwa PCB, amene akalowa m'thupi amakhazikika m'mafuta a munthu kwa zaka zambiri. Mu 1968 ku Japan mankhwalawa anadonthera m'mafuta ophikira pa fakitale ina. Anthu zikwi zambiri anadwala: zilonda zosapola kunkhope, maso otupa, chiwindi kuwonongeka, ndipo ana ena anabadwa ndi khungu lodetsedwa. Zinachitikanso ku Taiwan mu 1979. N'chifukwa chake pangano la Stockholm la 2001 linaika chaka cha 2025 kuti mayiko asiye kugwiritsa ntchito zida zokhala ndi PCB, ndi 2028 kuti zikhale zitawonongedwa moyenera. Mukaona munthu akugulitsa mafuta oyera ngati madzi, opanda fungo la mbewu, m'chigubu chosalembedwa, kauzeni apolisi. Pamenepo pali milandu iwiri, kuba ndi kudyetsa anthu poizoni.

Woulutsa: Yomaliza ndi ya bambo oyang'anira fakitale yaing'ono ku Kanengo. "Abwana akuti tichepetse zinyalala koma ndalama yogulira makina atsopano palibe. Ndiyambire pati?"

Katswiri: Bambo, yambani ndi sikelo ndi kope. Kwa mwezi umodzi lembani zonse zolowa pageti, zipangizo, oyilo, madzi, mankhwala, n'kulembanso zotuluka ngati katundu wogulitsa. Zosowa pakatipo ndizo zinyalala zanu, ndipo mukuzilipira kawiri, pogula ndi potaya. Abwana akaona zimenezo zitalembedwa m'makwacha adzamvetsera. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa MEPA, limanena kuti wowononga ndiye alipire, choncho pakhoza kubwera kulipira kachitatu.

Kenako mudzabwere Lamulungu makina atazima, muyende pang'onopang'ono mukuyang'ana pansi. Ngati mita ya madzi ikuzungulira, pena pake pakudontha. Pansi pa makina mukapeza banga lakuda lonyowa, funani paipi yake. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limakwana malita oposa 1,500 pachaka, migolo 7 ndi theka, chifukwa cha kamphira kotchipa. Kampani ya 3M ku America inayamba ndondomeko yotere mu 1975, ndipo maganizo ake ankachokera kwa antchito ake omwe. Inunso funsani amene amasesa, amadziwa pamene pamatayika zinthu kuposa a muofesi.

Oyilo wa makina aakulu musamangosintha poona kalendala. Tumizani pang'ono kukayezetsa, mwina akadali ndi moyo, kapena mwina akuuzani kuti beyaringi yayamba kudyeka isanathyoke. Gulani wa m'migolo yobweza m'malo mwa timabotolo. Anyamata asese kaye mouma asanatenge paipi ya madzi, chifukwa fumbi lodzaza fosholo imodzi likanyowa limasanduka madzi oipa odzaza thanki.

Zotsala zanu zina n'zofunika kwa anzanu. Ku Dwangwa ndi ku Nchalo zotsalira za nzimbe zofinyidwa zimawotchedwa n'kupereka nthunzi ndi magetsi a fakitale, ndipo molasesi amapangira ethanol wosakaniza ndi petulo, ntchito yomwe inayamba ku Dwangwa mu 1982. Koma zimatheka chifukwa chilichonse chimasungidwa pachokha. Zitsulo, makatoni, mapulasitiki ndi oyilo zikalowa m'bini imodzi, zonse ulendo wa kumtaya.

Chokhacho chimene ndingakupempheni kuti muwonongerepo ndalama ndi dzenje la simenti la zipinda zitatu pamene pamatulukira madzi otsukira. M'chipinda choyamba mchenga umakhazikika pansi, chachiwiri oyilo amayandama n'kutsekeredwa, chifukwa paipi yopita kuchachitatu imatunga madzi a pansi. Mmisiri wamba akhoza kumanga. Madzi a padenga asalowemo, adutse njira yawo, ndipo muike munthu woti aziyengula oyiloyo sabata iliyonse, apo ayi mvula ya Janyuwale idzakuyengulirani n'kupita naye ku mtsinje wa Lingadzi.

Woulutsa: Nthawi yatithera. Amene munalemba za mabatire akutha a galimoto ndi a sola musadandaule, makalata anu tiwawerenga sabata yamawa.